Ulendo wa Buku Kukafika ku Kawale

Sukulu zatsekera ndipo tchuthi chachikulu chafika. Kuno ku Lilongwe, munthu ukalawira m'mawa ndi kuyenda m'tinjira ta ku Kawale, ku Biwi kapena ku Chinsapo, upeza ana ali piringupiringu. Anyamata akumenya chikulunga pa fumbi, atsikana ali pa fulaye ndi phada, ndipo ena asenza mabeseni a zitumbuwa kuthandiza amayi awo malonda. Zonsezi nzabwino, pakuti mwana wosasewera ndiye kuti wadwala. Koma masabata a tchuthi ndi ambiri, ndipo mphunzitsi aliyense amadziwa kuti mwana amene wakhala nthawi yonseyo osatsegula buku amabwerera m'kalasi lilime litalemera, akuwerenga modumphadumpha ngati wayamba dzulo. Ine ndinaphunzira zauphunzitsi ndisanalowe ntchito ya pa wailesi, ndipo zimenezi ndinaziona ndi maso anga.

Tsono funso langa lero ndi ili: mwana wa ku Mgona kapena ku Area 23 akafuna buku loti awerenge pa tchuthi, losakhala la mayeso, alipeza kuti? Kuti tiyankhe bwino tiyenera kubwerera m'mbuyo, chifukwa mtunda umene uli pakati pa mwanayo ndi buku sunadze wokha ayi. Uli ndi mbiri yake.

M'chigawo chino cha pakati, buku linafika ndi amishoni. A mpingo wa Dutch Reformed anakhazikitsa Mvera m'chaka cha 1889 ndi Nkhoma m'chaka cha 1896, ndipo Ansembe Oyera a mpingo wa Katolika anafika ku Likuni m'chaka cha 1903. Anthu amenewa cholinga chawo chinali chakuti Mkhristu adziwerengere yekha mawu a Mulungu, kotero anatsegula sukulu za m'midzi, nakhazikitsa makina osindikizira mabuku. Buku Lopatulika lathunthu m'Chinyanja linatuluka m'chaka cha 1922, ntchito imene anaitsogolera ndi William Murray pamodzi ndi aphunzitsi a kuno amene maina awo satchulidwa kawirikawiri. M'nyumba zambiri za makolo athu, Baibulo ndi buku la nyimbo ndiwo anali laibulale yonse. Ankawasunga m'chitini kapena kuwakulunga pa nsalu kuopa chiswe ndi utsi.

Koma munthu ukamphunzitsa kuwerenga sungamuikire malire a chimene awerenge, ndipo posakhalitsa amafuna kulembanso zake. Mphunzitsi wina wa ku Nkhoma, Samuel Josia Nthara, analemba nkhani ya munthu wotchedwa Nthondo, kuyambira kubadwa kwake kufikira atakhala mfumu ya mudzi. Nkhaniyi inapambana pa mpikisano wa zolembedwa m'ziyankhulo za mu Africa umene unakonzedwa ndi bungwe la ku London, ndipo inasindikizidwa m'chaka cha 1933. Chaka chotsatira, Thomas Cullen Young anaimasulira m'Chingerezi naitcha Man of Africa. Nthara yemweyo anadzalembanso Mbiri ya Achewa ndi mbiri ya mfumu Msyamboza. Pa nthawi yomweyo Stephen Kumakanga anasonkhanitsa miyambi m'buku lake la Nzeru za Kale. Tikamanena za mabuku a Chichewa, phata lake lili pamenepa, kum'mawa kwa mzinda uno.

M'chaka cha 1948 maboma achitsamunda a Nyasaland ndi Northern Rhodesia anakhazikitsa bungwe limodzi losindikiza mabuku m'ziyankhulo za anthu, likulu lake lili ku Lusaka. Nchifukwa chake mabuku a olemba a kuno ankawerengedwa ku Chipata, ndipo a olemba a ku Zambia monga Jacob Zulu ankawerengedwa kuno. Chiyankhulo chinali chimodzi, msika unalinso umodzi. Pambuyo pake anadza Josiah Phiri ndi Kalenga ndi Mnzake, E. J. Chadza ndi Ntchito za Pakamwa, ndi John Gwengwe amene anatipatsa Kukula ndi Mwambo komanso Sikusinja ndi Gwenembe. Ambiri a inu amene muli ndi imvi maina amenewa akukumbutsani desiki ndi fungo la choko.

Mabuku analipo tsono, koma nyumba zoti munthu wamba akabwereke buku zinali zosowa. Nyumba za mabuku za nthawi ya atsamunda zinali za amishoni, za maofesi a boma, kapena za makalabu a Azungu kumene munthu wakuda ankalowako ngati wantchito basi. Bungwe la Nyasaland Society, limene linayamba m'chaka cha 1946, linasonkhanitsa mabuku onena za dziko lino, koma anali a akatswiri ofufuza. Ku Zomba kunatsegulidwa nyumba yosungiramo zakale m'chaka cha 1947, ndipo lamulo linati buku lililonse losindikizidwa m'dziko muno lizikasiyidwako limodzi. Imeneyo inali nkhokwe yosungira mbeu, osati yotapamo chakudya cha tsiku ndi tsiku. Kalaliki wa ku boma la Lilongwe kapena mmisiri wa ku Mchesi akafuna chowerenga ankagula ndi ndalama zake, apo ayi kubwereka kwa mnzake.

Zinthu zinasintha dziko litalandira ufulu. M'chaka cha 1967 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lokhazikitsa bungwe la National Library Service, ndipo bungweli linayamba ntchito zake ku Blantyre m'chaka cha 1968. Udindo wake unali wotsegula ndi kuyendetsa nyumba zowerengeramo mabuku zoti aliyense alowemo, wosayang'ana mtundu kapena chuma.

Pano ndikupemphani mutchere khutu, pakuti chaka cha 1968 nchodabwitsa pa mbiri ya kuwerenga m'Malaŵi. Zinthu zinayi zinachitika m'chaka chimodzi chomwecho. Nyumba ya mabuku ya dziko inatsegula zitseko zake. Msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress unagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndi kuti chikhale chiyankhulo cha fuko pamodzi ndi Chingerezi, zimene zinachititsa kuti Chitumbuka chichotsedwe m'sukulu ndi pa wailesi, bala limene anzathu a kumpoto sanaliiwale. Lamulo lounika mabuku ndi zisudzo linakhazikitsidwa, ndipo bungwe lake linapatsidwa mphamvu zoletsa chilichonse chimene silinachikonde. Chachinayi, linakhazikitsidwa bungwe la Capital City Development Corporation loti limange likulu latsopano la dziko kuno ku Lilongwe. Dzanja limodzi linkapereka buku, linzake linkalanda, ndipo uku ankajambula mapu a mzinda amene anadzagamula kuti bukulo lizikhala kuti.

Tiyambe ndi mapuwo. Lilongwe wa kale anali tauni yaing'ono ya fodya, ya mbali ziwiri za mtsinje: kutsidya lina maofesi a boma ndi nyumba za Azungu, kutsidya linalo msika, masitolo a Amwenye ndi malo okhala anthu akuda. Kalembera wa m'chaka cha 1966 anapeza anthu osakwana 20,000. Mzinda watsopano unamangidwa ndi thandizo la ngongole ya marandi 8 miliyoni yochokera ku South Africa, ndipo amene anaulinganiza anafuna mzinda wotakasuka, wa mitengo yambiri ndi misewu italiitali. Anaika maunduna pa Capital Hill, mabanki ndi maofesi ku City Centre, mafakitale ku Kanengo. Anthu a malipiro ochepa anawapatsa mapoloti m'madera akutali monga Area 23 ndi Area 25, kuti adzimangire okha. Amene sanapeze poloti anamanga pomwe anapeza malo, ndiwo chiyambi cha kukula kwa Chinsapo ndi Mgona. Likulu linasamuka kuchoka ku Zomba m'chaka cha 1975, ndipo pofika 1977 anthu anali atatsala pang'ono kukwana 100,000.

Bungwe la mabuku nalo linatsatira boma, nkukhazikitsa likulu lake ku City Centre. Kwa wolinganiza mzinda zimenezi zinali zoyenera, pakuti nyumba ya fuko imakhala pakati pa nyumba zinzake za fuko. Koma City Centre ndi pakati pa mzinda pa pepala pokha. Palibe mwana amene amagona kumeneko. Usiku kumatsala alonda ndi afisi a m'nkhalango ya Lingadzi. Mwana wa ku Chinsapo kuti akafikeko ayenera kukwera minibasi mpaka kudepoti, ndi kukweranso ina, kenaka chimodzimodzi pobwerera. Kulowa m'nyumba ya mabuku kungakhale kosavuta, koma ulendo wake ndiwo umadya ndalama ya ndiwo za tsiku lonse. Mayi wogulitsa tomato pa msika wa ku Area 23 akakana kupereka ndalamayo, ine sindingamuimbe mlandu.

Sindikunena izi ponyoza amene anagwira ntchito m'bungweli. Iwo vutoli ankalidziwa. Pansi pa utsogoleri wa a Rodrick Mabomba, amene anayendetsa bungweli zaka zambiri, nthambi zinatsegulidwa m'mizinda ndi m'maboma ena, ndipo mabokosi a mabuku ankatumizidwa ku sukulu ndi ku malo a kumidzi, kukasiyidwa m'manja mwa mphunzitsi kapena wina wodzipereka. Njira ya bokosi imeneyi inafikitsa buku kumene galimoto limafika kamodzi pa mwezi. Chodabwitsa nchakuti nthawi zina mwana wa kumudzi wokhala pafupi ndi bokosi lotere anali ndi mwayi kuposa mnzake wa m'tauni amene ankaona nsanja za City Centre chapatali.

Nanga m'mashelefumo munali chiyani? Zaka za m'ma 1970 ndi 1980 zinali za zokolola zambiri pa zolembalemba za Chichewa. Bungwe la Chichewa Board linayamba m'chaka cha 1972 kulongosola kalembedwe. Kampani ya Dzuka inkasindikiza mabuku a sukulu, ndipo ku Limbe a Popular Publications, omwe ankatulutsanso magazini ya Moni, anayamba kusindikiza timabuku ta olemba a kuno pa mtengo woti kalaliki angakwanitse. Willie Zingani analemba Madzi Akatayika ndi Njala Bwana, Jolly Max Ntaba analemba Mtima Sukhuta ndi Ikakuona Litsiro Sikata, ndipo Whyghtone Kamthunzi naye anali ndi omukonda ake. Nkhani zimenezi zinkanena za moyo umene anthu a ku Kawale ankaudziwa: mnyamata wochoka kumudzi kudzafuna ntchito, mtsikana wonyengedwa, lendi yosalipidwa, apongozi ovuta. Buku limodzi linkayenda nyumba khumi mpaka chikuto kuthothoka, ndipo womaliza kuwerenga ankapeza tsamba lotsiriza palibe, nayamba kufunsa anzake mmene nkhani inathera.

Koma nthawi yomweyo inali ya mantha. M'zaka zake zoyambirira zokha, bungwe lounika lija linaletsa mabuku oposa 800. Woyang'anira nyumba ya mabuku aliyense ankayenera kusunga mndandanda wa mabuku oletsedwa ndi kuchotsa m'shelefu lililonse lopezekapo. Olemba ena monga David Rubadiri ndi Legson Kayira anakhala kunja kwa dziko. Ku Chancellor College, gulu la olemba limene linayamba kukumana m'chaka cha 1970 linaphunzira kuyankhula mophiphiritsa, kubisa mawu m'nthano za nyama ndi m'miyambi monga ankachitira agogo athu pamaso pa mfumu yankhanza. Ngakhale zinali choncho, buku la ndakatulo la Jack Mapanje, Of Chameleons and Gods, limene linatuluka ku London m'chaka cha 1981, linadzachotsedwa m'masitolo ndi m'sukulu, ndipo mwini wake anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Ena amati kale anthu ankawerenga kwambiri kuposa lero. Mwina nzoona. Koma tisaiwale kuti ankawerenga zimene wina anawasankhira.

Chaka cha 1994 chinabweretsa boma la zipani zambiri ndi maphunziro aulere a pulaimale. M'chaka chimodzi ana a sukulu anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Ine ndili m'gulu la ana amene analowa sukulu m'zaka zimenezo. Tinkakhala pansi pa mtengo, oposa zana m'kalasi imodzi, ndipo buku limodzi tinkaunjikanapo asanu kapena asanu ndi mmodzi, wina akuliwerenga chozondoka. Pomaliza phunziro mabuku ankasonkhanitsidwa ndi kukatsekeredwa mu ofesi. Kupita nalo kunyumba kunali kosatheka. Ufulu wowerenga chilichonse unafika nthawi imodzi ndi kusowa kwa chowerenga. Kwacha inagwa, mapepala anakwera mtengo, masitolo a Malawi Book Service anatsekedwa, ndipo osindikiza anaona kuti phindu lili pa mabuku a mayeso okha. Olemba anakhazikitsa bungwe lawo la Malawi Writers Union m'chaka cha 1995 ndipo mipikisano ya nkhani zazifupi inayamba, koma nkhani yaitali ya Chichewa yoti munthu awerenge pongosangalala inayamba kusowa pa msika.

Mundilole ndipatuke pang'ono ndinene za ine mwini. Masiku amenewo chaka cha sukulu chinkayamba mu Januwale, kotero tchuthi chachikulu chinkagwa m'dzinja. Ndili m'Sitandade 6, bambo wina woyandikana nafe ku Kawale, mphunzitsi wopuma ntchito, anandipeza ndikuwerenga chidutswa cha nyuzipepala chimene anakulungira usipa. Anandiitana nati, "Iwe mwana, ukuwerenga chiyani pamenepo?" Ndinayankha kuti, "Palibe, aphunzitsi, ndi za mpira, koma zaduka pakati." Anaseka, nalowa m'nyumba, natulutsa sutikesi yachitsulo ya dzimbiri. Munali mabuku osapitirira makumi atatu. Anandibwereka limodzi, nandiuza kuti ndisambe m'manja ndisanaligwire, ndipo kuti pobweza ndidzawafotokozere nkhani yonse, apo ayi lachiwiri sindidzaliona. Nditamaliza sutikesi yonse, iwo omwewo anandiperekeza wapansi, kuoloka mtsinje wa Lilongwe, mvula ikuwaza, kukandionetsa nyumba ya mabuku ku City Centre. Ndinaima pakhomo osafuna kulowa chifukwa mapazi anga anali matope okhaokha. Iwo anandikankha pamsana. Sindinadziwe kuti padziko pangakhale mabuku ochuluka chotero pansi pa denga limodzi, ndipo chimene chinandizunguza mutu nchakuti panalibe wondifunsa ndalama pa tsamba lililonse limene ndinatsegula.

Komabe ndinazindikira msanga chinthu china. Mabuku ambiri anali a Chingerezi, ochokera kunja monga mphatso za mabungwe ngati Book Aid International. Mphatso zimenezi zathandiza kwambiri ndipo popanda izo mashelefu akanakhala apululu. Koma mwana wa Sitandade 3 amene Chingerezi chake nchongopereka moni, ukampatsa nkhani ya chipale chofewa ndi sitima za pansi pa nthaka, amayang'ana zithunzi nkulitseka. Poona zimenezi, bungwe la mabuku linayamba kusindikiza lokha timabuku ta ana totchedwa Werengani, mothandizidwa ndi bungwe la CODE la ku Canada, tina m'Chichewa, tina m'Chingerezi, tolembedwa ndi kujambulidwa ndi anthu a konkuno. Kwa ine ntchito imeneyi ndi imodzi mwa zanzeru koposa zimene bungweli linachitapo, pakuti nyumba ya mabuku imene anthu ake alibe osindikiza iyenera kudzilimira yokha.

Wina anganene kuti buku la Chingerezi nalo lili ndi ntchito, ndipo sindingatsutse. Nonse mwamvapo za William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu. Njala ya 2001 ndi 2002 itamuchotsa pa sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi, iye ankapita ku kanyumba ka mabuku ka pa sukulu ya pulaimale ya kwawo. Kumeneko anapeza buku lotchedwa Using Energy, ndipo ngakhale Chingerezi chinkamuvuta, anatsatira zithunzi namanga makina opukusa magetsi ndi mphepo kuchokera ku zitsulo zotayidwa ndi njinga ya bambo ake. Mbiri yake inatuluka m'buku m'chaka cha 2009 ndi m'kanema m'chaka cha 2019. Anthu akamakamba nkhaniyi amatama luntha la mnyamatayo, ndipo nkoyenera. Ine chimene ndimaonapo ndi mtunda. Kanyumba kaja kanali poti iye ankafikapo wapansi tsiku ndi tsiku, m'mimba muli njala, m'thumba mulibe tambala. Kakanakhala ku Kasungu boma, nkhani imeneyi sitikanaimva.

M'zaka za m'ma 2010 bungwe la mabuku linachita chinthu china chimene chinandikondweretsa monga munthu wa pa wailesi. Mogwirizana ndi nthambi ya UNESCO ya m'dziko muno ndi bungwe la Rei Foundation la ku New Zealand, linatuma anthu m'maboma kukajambula agogo akusimba nthano m'ziyankhulo zawo, kuti nthanozo zisapite nawo kumanda. Pambuyo pake linayambitsa zoti Loweruka ana azisonkhana ku likulu lake kudzamvera nthano. Taganizani, nyumba imene inamangidwira kukhala chete inayamba kumveka mawu a ana akuvomera kuti "Tili tonse!" Ena achikulire anaona ngati nchipongwe kwa owerenga. Ine ndikuti mwana amene wazolowera kutsata nkhani ndi khutu, kudikira chimene Kalulu achite, ndi yemweyo amene mawa adzapirira kutsata nkhani ndi maso mpaka tsamba lomaliza. Nthara naye asanagwire cholembera anayamba wakhala pa moto.

Vuto la mapu lija silinachoke. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mu mzinda wa Lilongwe muli anthu pafupifupi 990,000, kuchulukitsa makumi asanu chiwerengero cha 1966, ndipo ambiri mwa iwo amakhala m'madera omwe aja a kutali ndi City Centre. Ambirinso ndi ana. Ukalowa m'nyumba ya mabuku nyengo ya mayeso upeza mipando yonse yadzaza ndi achinyamata a Fomu 4 ndi a m'makoleji, aliyense ndi kope lake, chifukwa kunyumba kuli phokoso ndipo magetsi ngosadalirika. Ambiri sadzera mabuku a m'shelefu, adzera tebulo ndi bata. Mayeso akatha mipando imatsala yokha, ndipo nthawi imene mwana ali ndi mpata wonse wowerenga chimene mtima wake wafuna ndi imenenso sapezeka.

M'madera muno muli zipinda zimene zimakhala zotseka tchuthi chonse: makalasi a sukulu, maholo a mipingo pakati pa sabata, madarasa masana. Ku Area 25 kuli koleji ya aphunzitsi, ndipo m'madera onsewa muli aphunzitsi opuma ntchito amene masutikesi awo akudyedwa ndi njenjete. Njira ya bokosi imene inafikitsa buku kumidzi zaka makumi angapo zapitazo ingathe kukwera kabaza kuchoka ku City Centre kukafika ku Biwi dzuwa lisanatenthe. Chofunika ndi munthu mmodzi wosunga kiyi ndi kope lolembamo maina, ndi makolo ololera kuti mwana akatha kutunga madzi apite akakhale pansi maola awiri. Mabuku ena adzatayika, ena adzang'ambika. Aphunzitsi anga aja anataya asanu ndi awiri mwa makumi atatu awo, limodzi ndinataya ndine, ndipo sanasiye kubwereketsa mpaka tsiku limene anasamukira kumudzi kwawo ku Dedza.

Sabata yatha ndinadutsa pa nyumba imene ankakhala ija. Tsopano pali okala yogulitsa mayunitsi a foni, ndipo pakhonde panali tiana tinayi titaunjikana pa foni imodzi, wina akuiona chozondoka.